Dzina Limene Mayi Agata Ankaitana Pomaliza

Bambo mfumu andipempha kuti ndilembe m'kalata ya parishi ino za moyo wa Mayi Agata Ok Jeong-rye, amene tinawaperekeza mwezi wathawu. Ndavomera, koma ndinene poyamba: amene akufuna nkhani ya zozizwitsa atembenuze tsamba akawerenge zilengezo. Mayi Agata sanachize munthu, sanaone masomphenya, ndipo kwaya inawabweza kawiri chifukwa mawu awo ankasocheretsa anzawo. Anali mphunzitsi wa kalembedwe ku yunivesite zaka makumi atatu ndi zisanu. Ambiri a inu mukuwakumbukira ngati gogo wa jasi yotuwa amene ankakhala pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko, n'kumayang'anitsitsa aliyense wolowa mochedwa. Mwina munkaganiza kuti akukudzudzulani. Sichoncho ayi.

Anabadwa konkuno ku Mokpo m'chaka cha 1946, kuseri kwa doko, m'kachipinda kamodzi ka denga lodontha. Bambo awo anali msodzi. Anatengedwa pa nkhondo ija mwanayo ali ndi zaka zinayi, ndipo mpaka lero palibe akudziwa kumene anagona. Mayi awo ankasenza nsomba m'dengu, kuyenda khomo ndi khomo, koma Misa ya m'mamawa sankaiphonya. Ankagwada ndi fungo la nsomba lomwelo, mwana wawo pambali akuwodzera. Kutchalitchiko n'kumene Jeong-rye anabatizidwa n'kupatsidwa dzina la Agata.

Achikulire mukukumbukira zimene zinkachitika kupulayimale sabata yoyamba ya chaka. Mphunzitsi ankaima ndi pepala la mafunso a za kunyumba, ana onse ali chete. "Amene kwawo kuli wailesi, kwezani dzanja. Amene kwawo kuli wotchi yapakhoma. Makina osokera." Manja ankakwera ndi kutsika, ana akuyang'anana m'mbali. Agata ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, dzanja lawo silinakwere pa funso lililonse kufikira lomaliza.

"Amene alibe bambo, kwezani dzanja."

Anakweza pang'ono, kufika pakhutu.

"Ok Jeong-rye, kweza bwino, sindikuliona. Iwe, ndati m'mwamba!"

Mphunzitsiyo anawerenga manjawo, anasokoneza, anayambiranso. Kenaka wina anagogoda pachitseko, mphunzitsi n'kupita kukalankhula naye, kuiwala kuti pali ana akweza manja. Dzanja la Agata linachita dzanzi mpaka paphewa. Sanalire. Tsiku limenelo analonjeza pamaso pa chifaniziro cha Amayi Maria kuti akadzakhala mphunzitsi, sadzafunsa mwana wa munthu za kwawo ngakhale kamodzi. Linali lonjezo la mwana wopwetekedwa, ndipo analisunga mokhulupirika zaka makumi awiri ndi mphambu.

Asisitere anaona kuti mtsikanayo mutu wake ukugwira, anamuthandiza mpaka yunivesite. Mu 1976 Mayi Agata anayamba kuphunzitsa, koma osati ngati mapulofesa aja okhala ndi ofesi ndi dzina pachitseko. Anali mphunzitsi wolipidwa pa maola, lero pasukulu iyi, mawa pasukulu ina, mabuku atakulunga pansalu. Mapulofesa ankawanena anthu otere kuti ogulitsa za m'phukusi. Iwo sankadandaula. Ankalowa m'kalasi nthawi yeniyeni, kutsegula kaundula, n'kuitana mayina maso ali papepala. Sankaweramuka dala. Ankati akaona nsapato zong'ambika kapena malaya okongola mtima ungakondere, ndiye bola osaona. "Kwa ine nonse ndinu ofanana," ankatero, ndipo ankakhulupirira kuti chimenecho n'chilungamo.

Ophunzira si ana oyamwa. Sabata ziwiri zinkakwana kuti azindikire kuti mphunzitsiyu sayang'ana. M'kalasi ya 1981 munali mnyamata wina, Pyo Deok-su, yemweyu amene lero ali ndi dazi ndipo amatitsogolera ife a gulu lopempherera omwalira. Wandiloleza yekha kuti ndilembe izi. Deok-su anali ndi mawu asanu pakhosi limodzi. Ankayankhira anzake anayi ali gone kunyumba, wina mwa besi, wina mwa chimfine, wina mwa chitsikana. "Ndilipo! Ndilipo, aphunzitsi! Ndiiilipo!" Kalasi inkafa ndi kuseka chamumtima. Kaundula ankati anthu makumi asanu ndi limodzi, pomwe pamipando panali makumi anayi okha. Aliyense anali ndi womuyankhira, kupatula amene analibe mnzake.

Dzina limodzi linkagwera pachete kawirikawiri: Ma Bun-nyeo. Lamulo la sukuluyo linkati wojomba kalasi imodzi mwa zinayi zilizonse walephera basi, ngakhale alembe bwanji mayeso. Mayi Agata ankazidziwa bwino zolemba za Bun-nyeo, chifukwa m'kalasi yonseyo panalibe wolemba kuposa iye. Ankaziwerenga kawiri. Koma nkhope yake sankaidziwa. Tsiku lina kalasi itatha, munthu anaima patsogolo pa tebulo lawo. Mayi Agata anaona m'munsi mwa siketi monyowa, ndipo anamva mawu a kuzilumba aja amene am'tauni amawaseka.

"Aphunzitsi, pepani, ndinalowa mutaitana kale. Kwathu ndi..."

"Za kwanu sindifunsa, mwanawe. Lamulo ndi limodzi kwa onse."

Siketi ija inaima kanthawi, kenaka inachoka. Iwo anapitiriza kumanga phukusi lawo.

Kumapeto kwa Juni anapereka kaundula ku ofesi, atadindapo chidindo chawo chofiira. Patadutsa masiku atatu m'pamene anafika pa mulu wa zolemba zomaliza. Cha Bun-nyeo mutu wake unali wakuti "Njira yanga ya m'mawa." Analemba za chilumba chakwawo, za kudzuka kukadali mdima kukaphikira azichimwene ake, za kuyenda ola lathunthu kufika pokwerera sitima. Analemba kuti kuyambira Malichi mpaka Juni chifunga chimagwa panyanja, ndipo sitima siinyamuka kufikira woyendetsa ataona chilumba chotsatira. Analemba kuti ndiye woyamba pachilumbapo kulowa yunivesite, ndi kuti bambo ake anamulola pa pangano limodzi: akangolephera phunziro ngakhale limodzi, abwerere kukakumba nkhono m'matope. Pomaliza panali mizere itatu. "Ndimafika kaundula atatsekedwa. Anzanga ali ndi owayankhira. Ine ndilibe."

Mayi Agata anandiuza kuti sanamve chisoni pamenepo. Anamva dzanzi lomwe lija, kuyambira kuzala.

Anathamangira ku ofesi kukapempha kuti Bun-nyeo asalepheretsedwe. Mkulu wa kumeneko anatulutsa pepala n'kuloza ndi cholembera. "Chidindo ichi ndi chanu, si choncho? Zotsatira tatumiza kale kwa makolo. Mukufuna tinene kuti munanama liti, poyamba kapena panopa?" Potuluka anakumana ndi Deok-su pamasitepe, anamugwira mkono.

"Iwe, ndiuze zoona. Kodi anthu amayankhirana m'kalasi mwanga?"

Deok-su anakanda mutu. "Aphunzitsi, musanditengere kokandipachika. Ineyo ndekha ndine anthu asanu."

"Nanga Ma Bun-nyeo bwanji simunkamuyankhira?"

"Wakuchilumba uja? Aa, ameneyo palibe ankacheza naye. Koma kubwera ankabwera tsiku lililonse, aphunzitsi. Ankakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Simunkamuona?"

Loweruka lotsatira anakwera sitima. Anafika nyanja itaphwa, matope ali poyera mpaka kutali, amayi atawerama m'menemo ndi makasu awo aang'ono. Mayi Agata anavula nsapato n'kulowa. Anaima pafupi ndi mtsikana wina nafunsa ngati iye ndi Bun-nyeo. Sanali iye. Mayi wina wachikulire anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Aphunzitsi ake amenewa? Miyezi inayi yathunthu, nkhope osaidziwa! Bun-nyeo, alendo ako awa akukufuna kwa anthu ena!"

Mtsikana wowonda, wa masaya opsa ndi mphepo, anaweramuka. Mayi Agata anapepesa. Anati adzalankhula ndi akuluakulu, anati abwereze chaka chamawa. Bun-nyeo anamvetsera mpaka anamaliza, matope akudontha m'zala zake.

"Ine ndinkachedwa mphindi makumi awiri, aphunzitsi. Inu mwachedwa miyezi inayi."

Sananene mokalipa. Ananena ngati akutchula nthawi ya sitima. Mayi Agata anapitabe kwa bambo ake, anagwada pabwalo. Mkuluyo sanasiye kusoka ukonde wake. "Ine kuwerenga sindidziwa," anatero, "koma chofiiracho ndinachiona. Chidindo chanu kapena changa? Mu Okutobala akukwatiwa." Bun-nyeo anawaperekeza pang'ono n'kuwauza kuti afulumire, sitima yomaliza imanyamuka folo koloko ndipo pachilumbapo palibe pogona alendo.

Atabwerera, Mayi Agata anakalapa kwa wansembe wokalamba wa nthawi imeneyo, amene khutu lake limodzi linali logontha.

"Mwaphwanya lamulo liti?"

"Palibe, Bambo. Ndinalisunga."

"Mwati bwanji?"

"Ndati ndinalisunga lamulo!"

"Kolona mmodzi," anatero wansembeyo. "Ndipo muziweramuka."

Kuyambira Seputembala wa chaka chimenecho, Mayi Agata anasintha kaphunzitsidwe kawo. Tsiku loyamba sankatsegula buku. Ankagawa timapepala, n'kulemba pabolodi mafunso atatu: Wadzera njira iti kuti ufike pano m'mawa uno? Wasiya ndani kunyumba? Wabwera kudzafuna chiyani? Zokweza manja anakaniratu. Aliyense ankalemba yekha, kupinda, n'kuponya m'kabokosi. Mnyamata wina anafunsa mwachipongwe kuti za kwawo zikuwakhudza bwanji. Iwo anati, "Ukafuna ponya losalemba. Nalonso ndiliwerenga."

Ankawerenga timapepalato ndi zithunzi za ophunzira pambali, kufikira dzina lililonse litapeza nkhope yake. Akatero m'pamene ankakonza maphunziro a teremuyo. Chaka china anapeza kuti theka la kalasi ndi ana a asodzi amene sanalembepo kanthu kotalika kuposa tsamba limodzi, ndiye anayamba ndi kuwalembetsa mmene amakonzera ukonde, asanawapatse mabuku aakulu. Chaka china ambiri analemba kuti akungofuna kukhoza mayeso olowera ntchito ya boma. Sanawanyoze. Anawaphunzitsa kulemba kalata yomveka, ndipo ndakatulo anazilowetsa chakumbali ngati mankhwala a mwana. Panali mayi wa zaka makumi anayi wogwira ntchito pafakitale ya nsomba, amene ankaopa kuti manja ake akununkha, moti ankabisa pansi pa tebulo. Panali mnyamata wongochoka ku usilikali amene mawu okweza ankamuumitsa thupi. Panali mtsikana amene mayi ake anachokera ku Vietnam, yemwe pa funso lachitatu analemba kuti, "Ndikufuna wina andiuze ngati ndimalankhula bwino." Ndipo chaka chilichonse panali amene ankalemba kuti sakudziwa chimene wabwerera, anasankha ndi bambo ake. Amenewo Mayi Agata ankawaitana mmodzimmodzi kukamwa tiyi wa balere.

Kaundula anayamba kuitana kumapeto kwa kalasi, maso ali pa munthu. Teremu ikatha ankatentha timapepala tonse m'chidebe chachitsulo kuseri kwa tchalitchi chino, kuti za kwa eni zisadzaonedwe ndi wina. Ndipo tsiku lililonse, akamaliza mayina onse, ankatchula chapansipansi dzina limodzi limene silinali papepala, n'kuyang'ana kuchitseko. Ophunzira ankaganiza kuti ndi pemphero.

Musaganize kuti anayamikiridwa. Pulofesa wina anawauza pamsonkhano kuti yunivesite si chipatala cha azamba. Sukulu ina inawachotsa, ati akuwononga sabata yathunthu pa miseche. Ofesi ya dzina pachitseko sanaipeze mpaka kupuma mu 2011. Sanakwatiwe. Anasamala mayi awo zaka zisanu ndi zitatu ali chigonere, kuwasambitsa m'mawa asanakakwere basi. Mwezi wa Malichi uliwonse ankalemba kalata yopita kuchilumba kuja, kunena kuti mpando ulipo, ndipo atapuma ntchito ankangolemba za nyengo. Yankho silinabwerepo.

Ndinawafunsa tsiku lina, tikutsuka mbale pa chakudya cha parishi, ngati pemphero limawatonthoza. Anapukuta mbale imodzi mpaka kuuma.

"Ayi. Sindimva kanthu. Ndikagwada zimangokhala ngati dzanja lija."

"Nanga mumabwereranji tsiku ndi tsiku?"

"Akaitana dzina langa, ndipezeke ndilipo. Ndipatsireni mbale inayo."

Ndi mawu okhawo a chikhulupiriro amene ndinawamva pakamwa pawo m'zaka zonsezi, ndipo ndinapita kunyumba ndili ndi manyazi.

Anadwala m'nyengo yozizira yapitayi, mapapo. Mu Epulo anagonekedwa kunyumba ya odwala ya asisitere. Masana a tsiku lawo lomaliza, atalandira sakramenti la odwala, tinalipo anthu asanu, anayi mwa ife ophunzira awo akale. Anatsegula maso n'kuyamba kutiitana mayina mmodzimmodzi, dzina lonse, ngati m'kalasi, akuyang'ana mwini wake. Tinayankha. Kenaka anatembenuzira mutu kuchitseko.

"Ma Bun-nyeo."

Sisitere amene anali nafe anayang'ana pansi. Deok-su sanathe kupirira. Anabisala kumbuyo kwanga, anachepetsa mawu ngati kale lija. "Ndilipo, aphunzitsi."

Mayi Agata anasuntha maso pang'onopang'ono mpaka anamupeza.

"Pyo Deok-su, sunasiyebe? Ndikukuona ndi dazi lakolo." Anapuma movutikira. "Usamuyankhire. Kunja kuli chifunga?"

"Chilipo, aphunzitsi. Doko silikuoneka."

"Ndiye sitima yachedwa. Timudikire."

Anatseka maso. Tinayamba kolona, ndipo tisanamalize anali atapita, mwakachetechete, moti sitinadziwe kuti ndi pa Tikuoneni Maria uti. Nkhope yawo inali yoyang'ana kuchitseko.

Chitsanzo chimene atisiyira n'chaching'ono, ndipo n'chifukwa chake tilibe pothawira. Inu aphunzitsi a m'parishi muno, inu a katekisimu, musanatsegule buku dziwani amene wakhala patsogolo panu, kumene wachokera ndi chimene akufuna, ndipo mufunse mosamuchititsa manyazi. Enafe, chitseko chikatseguka Misa ili mkati, tisatsonye. Ticheuke, tisunthe pa benchi. Ambuye amene amadziwa njira ya aliyense awalandire Mayi Agata mu mpumulo wawo.

Koma ndisatseke ndisananene za tsiku la maliro. Deok-su anatumiza uthenga kuchilumba kuja, kumene mpaka pano sikunafike mlatho. Palibe anayankha. Misa inali ya teni koloko, ndipo kunacha ndi chifunga choti sungaone galimoto ya mnzako. Itakwana nthawi, Deok-su anaima pakhomo la sakristiya kutsekereza Bambo Seok, wansembe wathu wachinyamatayu.

"Bambo, tadikirani pang'ono. Sitima sinafike."

"A Pyo, kotenthera mitembo atipatsa wani koloko. Tikachedwa atilumpha. Kodi munthuyo anati abwera?"

"Sananene."

"Ndiye tikudikira chiyani?"

"Anatero aphunzitsi. Ine ndayendetsa basi zaka makumi atatu, Bambo, ndikawafikitsa pa nthawi. Inu ingodikirani."

Bambo Seok anayang'ana wotchi, anayang'ana bokosi, n'kukakhala pampando wawo atavala kale. Tinadikira. Mphindi makumi awiri zinadutsa. Anthu anayamba kutsokomola, ana kulira, wa limba kutembenuzatembenuza mapepala. Ine ndemwe ndinayamba kuganiza kuti Deok-su wapenga. Patadutsa theka la ola, Bambo anaimirira n'kukhalanso.

Chitseko chinalira. Analowa mayi wa imvi, wamfupi, msana wopindika, manja okakala, jasi yake yakuda itanyowa ndi chifunga. M'dzanja ananyamula mtolo wa maenvulopu womanga ndi chingwe cha ukonde. Ndinali pafupi, ndinaona: onse anali otsegula. Anaima pomwepo, akupuma mwawefuwefu, kuyang'ana mitu yonseyo itacheukira kwa iye.

"Mwayamba kale?"

"Ayi, mayi," anatero Bambo Seok kuchokera kuguwa. "Timadikira inu."

Mayiyo sanalire, sanagwade. Ngati anakhululuka, ine sindikudziwa, ndipo sindinafunse. Anaima kanthawi, kenaka anakhala pa benchi yakumbuyo pafupi ndi chitseko, n'kuika makalata aja pamiyendo. Belu linalira, ndipo Misa inayamba.